A Mkwapatira ndi Dzuwa Losalowa

Lachiwiri, pa 14 Okutobala 2025, pa chigayo cha kuseri kwa msika.

Amene analipo: a Chimbalanga, amene anapuma ntchito ya ku positi, a Nangondo, ogulitsa tomato, a Lufeyo, oyendetsa chigayo, amayi ena asanu amene mayina awo ndinachita manyazi kuwafunsa, ndi ine wolemba.

Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Tinandandalika matumba athu pakhomo n'kukhala pamthunzi wa khoma, tikusendera pang'onopang'ono pamene mthunziwo unkafupika. Chakumasana a Nangondo anadandaula kuti dzuwa la lero silikuyenda. A Chimbalanga anayankha kuti iwo anasankha makalata ochokera m'maiko onse zaka makumi atatu, ndipo akudziwa dziko lina kumene dzuwa limakanadi kulowa. Kenaka anakamba nkhani iyi. Ndailemba monga ndinaimvera.

Kalekale, koma osati kale kwenikweni popeza mafoni anali atafika, kunali bambo wina wa kumapiri a ku Dedza, dzina lawo a Mkwapatira. Akazi awo anamwalira n'kuwasiyira ana atatu. Chuma chawo chinali chimodzi chokha: dimba la m'chigwa, lokhala ndi kasupe pakati amene sanaphwepo ngakhale chaka cha chilala. Dimbalo analitsegula okha ndi nkhwangwa ali mnyamata, choncho silinali la mbumba, ndipo ana a alongo awo analibe mawu pa ilo.

A Mkwapatira ankadwala mtima. Tsiku limene anapezeka ndi matendawo, namwino anawafunsa ngati ali ndi wotchi. Iwo anati alibe, ndipo sanaifunepo. Namwinoyo anati: "Ndiye mumve bwino. Dzuwa likalowa, mudye chakudya chamadzulo, mumwe piritsi limodzi. Lisanalowe, musamwe." Bamboyu anali munthu wosunga mawu. Zaka khumi ndi ziwiri anachita zomwezo, kaya ali kumaliro, kaya ali kudimba, osaphonya ndi tsiku limodzi lomwe.

Mwana woyamba anali wamkazi, Tinenenji. Anakwatiwa kutali, kumpoto kwenikweni kwa dziko la Norway, pafupi ndi mzinda wa Tromso, ndipo mwamuna wake ankagwira ntchito m'sitima yopha nsomba.

Wachiwiri anali wamwamuna, Lonjezo. Iye anapita ku New Zealand, kumene ankaphika buledi. Anachoka atakangana ndi abale ake, ndipo zaka zitatu zinatha osaimba foni.

Wachitatu anali Sautso, bambo wa ana awiri, wokonza njinga pamsika. Sukulu anaisiyira panjira, koma anatsala ndi buku lakale la mapu lopanda chikuto, limene ankawerenga podikira ntchito. Aliyense wobwera ndi tayala lophwa ankachoka atauzidwa kanthu: kuti dziko la Lesotho lili m'kati mwa South Africa ngati chikasu m'dzira, kuti kuli nyanja ya mchere wambiri imene munthu samira, kuti kuli zilumba ziwiri zoonana, koma china likakhala Lolemba chinzake chimakhala chili kale pa Lachiwiri. Anthu anatopa nazo. Bambo ake ndiwo anatopa koposa, ndipo ankazitchula kuti mabodza a m'buku.

Chaka china Tinenenji anali woyembekezera mwana woyamba. Popeza mayi ake kunalibe, anaitanitsa bambo ake kuti mwanayo akalandiridwe ndi wa kwawo ndi kupatsidwa dzina. A Mkwapatira anakulunga mapiritsi awo m'kapepala, nakwera ndege m'mwezi wa Juni.

Anafika Lolemba m'mawa. Tsiku lomwelo masana matenda anamuyamba Tinenenji, nthawi yake isanakwane, mwamuna wake ali pakati pa nyanja. Anangokhala ndi mpata wowasonyeza bambo ake chakudya chimene anasiya ndi kafoni ka m'nyumba, basi n'kutengedwa. Mwana anabadwa ndi opaleshoni, wamng'ono kwambiri, ndipo anamuika m'kabokosi ka galasi.

A Mkwapatira anatsala okha. Anakokera mpando pazenera, naika piritsi m'dzanja, n'kuyamba kudikira.

Dzuwa linapendeka monga mwa masiku onse. Linatsika mpaka pamwamba pa mapiri, ndipo iwo anakonza kapu ya madzi. Koma silinalowe. Linayenda chammbali, likulambalala mapiriwo, kenaka n'kuyambanso kukwera. Bamboyu anabweza kapu patebulo. Anasinza pampando, nadzidzimuka, napeza kuli mbee. Anaganiza kuti angotsinzina pang'ono. Chakudya chamadzulo sanachikhudze popeza madzulo anali asanafike. Ankangotafuna kachidutswa ka buledi njala ikawawa. Tinenenji akaimba kuchokera kuchipatala, iwo ankayankha kuti ali bwino, asamale mwana. Za dzuwa sanatchule. Ankaopa kuti mwana wawo aganiza kuti bambo ake mutu wasokonekera, pamene ali kale ndi zodandaula zake.

Apa a Nangondo anadula nkhani, nati dziko lotero kulibe. A Chimbalanga anayankha kuti lilipo, ndipo kumeneko dzuwa limatha miyezi iwiri osalowa, kenaka nyengo yozizira limathanso pafupifupi miyezi iwiri osatuluka. A Lufeyo anati bola kwathu kuno kumangosowa magetsi. Nkhani inapitirira.

Tsopano mverani zimene anachita ana atatuwa.

Lachinayi, kumudzi dzuwa litangolowa, Sautso analandira foni ya bambo ake. Anakwera pachulu, malo okhawo amene foni inkamveka bwino. Mawu awo anali ofooka. Anafunsa za mbuzi, anafunsa za kasupe, kenaka anati:

"Kuno tsiku ndi lalitali, mwanawe. Chifikireni dzuwa silinalowe. Likungozungulira ngati mbuzi ya pachikhomo."

"Ababa, lero ndi lachingati?"

"Lolemba. Si ndafika m'mawa uno?"

Munthu wina akanaseka. Sautso anakumbukira kamzere ka timadontho kamene kali pamwamba pa mapu ake, ndi mawu a m'munsi mwake onena kuti kupitirira mzerewo dzuwa la mu Juni sililowa. Anawerenga ndi zala, napeza kuti madzulo atatu adutsa, ndipo awa ndi achinayi. Anawauza kuti amwe piritsi nthawi yomweyo. Anawauzanso kuti ngakhale dzikolo lili kutali chotero, m'miyezi imeneyo nthawi ya kumeneko imafanana ndi ya ku Malawi, choncho likalowa ku Dedza ndiye kuti nthawi yawo yakwana.

"Wayambatu mabodza ako a m'buku," anatero bambo ake. "Ine dzuwa ndikuliona ndi maso angawa."

Kenaka kunamveka mpando ukugwa, ndipo sanayankhenso. Sautso anayesa foni ya mlongo wake, koma inali yozimitsa, popeza anali m'chipinda cha ana osakwana masiku. Kafoni ka Sautso sikakanatha kufufuza nambala za kunja, ndipo Chingerezi chake chinali cha m'buku la mapu chabe. Anawerenganso ndi zala. New Zealand ili patsogolo ndi maola khumi. Kumeneko kunali kale Lachisanu, cha m'ma folo koloko mbandakucha, nthawi imene ophika buledi amakhala ali maso. Anameza mkwiyo wa zaka zitatu, namufulasha mkulu wake katatu.

Lonjezo anali yekha pa uvuni, buledi wa tawuni yonse ali pamoto. Ataona nambala ya kumudzi anaganiza kuti ndi maliro, naimba. Mng'ono wake sanamupatse moni. Anangofotokoza za dzuwa, za piritsi, ndi za mpando umene wagwa. Lonjezo anatuluka panja pozizira, nafufuza nambala ya chipatala cha ku Tromso. Sankadziwa nyumba imene mlongo wake amakhala. Sankadziwa ngakhale dzina la mwamuna wake, limene mlongoyo analembetsa kuchipatala. Anangoti akufuna mayi wa ku Malawi amene wabereka sabata ino, natchula dzina la Tinenenji chilembo chimodzichimodzi. Anamupereka kwa munthu wina, winayo kwa wina. Foni inaduka kawiri, ndipo kawiri anaimbanso. Anamva fungo la kupserera, nadziwa chimene chikupsa, koma sanachotse foni kukhutu kufikira atamva mawu a mlongo wake. Pobwerera m'kati anapeza utsi wokhawokha. Mwini malo anamuchotsa ntchito m'mawa womwewo, ndipo popeza chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chinali chomangirira pa ntchitoyo, anayenera kubwerera kwawo chimanjamanja.

Tinenenji anali ndi masiku atatu chichitireni opaleshoni. Anatchula kumene kuli nyumba, ndipo ambulansi inakonzeka. Anamwino anamuletsa kudzuka. Iye anati bambo ake sadziwa chilankhulo china, ndipo amawadziwa kuti salola mlendo kuwagwira. Anayang'ana mwana wake m'kabokosi, navala jasi pamwamba pa chovala cha chipatala, nakwera. Njira yopita kwawo inkadutsa pansi pa nyanja, pakuti kumeneko anaboola misewu kunsi kwa madzi. Anawapeza bambo ake ali pansi pafupi ndi zenera, akupuma movutika, dzanja atafumbata. Achipatala atawagwira, iwo anatsitsimuka n'kuyamba kulimbana nawo. Jakisoni anamukana, machira anawakana. Ankangoloza zenera n'kumati nthawi sinakwane, ndipo namwino wa kwawo sanawauze za mankhwala ena. Kulimbanako kunkauthera mphamvu mtima wawo.

Tinenenji sanatsutsane nawo. Nyumba za kumeneko zimakhala ndi makatani okhuthala akuda, oti anthu azitha kugona m'miyezi yowalayo. Iye anayenda zenera ndi zenera atagwira pamimba, akukoka makataniwo, mpaka m'nyumba munada bii. Kenaka anagwada pambali pawo.

"Ababa, lalowa."

A Mkwapatira anayang'ana uku ndi uku, natambasula dzanja. Piritsi linali litafumbutuka ndi thukuta. Anagona phee, ndipo achipatala anagwira ntchito yawo. Adokotala ananena pambuyo pake kuti likanadutsa ola lina sakanawapeza amoyo. Koma bala la Tinenenji linatseguka. Anagona milungu iwiri, mkaka unauma, ndipo mwana wake anakula ndi wa m'chitini.

Bamboyu anachira. Mdzukulu wawo anamutcha Chisisira, chinthu chimene anachidikira masiku anayi. Milungu imene anatsala kumeneko, tsiku lililonse Sautso ankakwera pachulu dzuwa likamalowa ku Dedza n'kuwafulasha kamodzi, ndipo iwo ankamwa piritsi kunja kukuwala.

Chaka chotsatira a Mkwapatira anaitana ana onse atatu kudimba. Anakhala pamwala wa pakasupe, khasu lili pamiyendo. Anawauza kuti mphamvu zolimira zatha. Anati dimbalo saligawa, chifukwa kasupe ndi mmodzi, ndipo anaona ali mwana momwe amalume awo awiri anagawirana madzi n'kufa osalankhulana. Anati khasulo, pamodzi ndi dimba lonse, alipereka kwa mwana mmodzi, amene anapulumutsa moyo wawo.

Onse atatu ankalifuna, ndipo palibe ankalifuna mwadyera. Ntchito ya Sautso inali ikutha popeza anthu anasamukira ku njinga zamoto. Lonjezo anali atabwera ndi chikwama chimodzi, akugona m'khitchini mwa mng'ono wake. Tinenenji anali atatopa ndi miyezi ya mdima, ndipo ankafuna kuti mwana wake akhale ndi dothi loti adzaloze kuti kwathu ndi apa.

Sautso ndiye anayamba. Anati pakanapanda iye kumvetsa za dzuwa, enawo sakanadziwa n'komwe kuti pali vuto.

Mlongo wake anamufunsa kuti: "Iwe unkadziwa za dzuwalo asananyamuke. Unawaperekeza mpaka pa basi. Unalekeranji kuwauza?"

Sautso anayang'ana pansi. Anati anaganizadi zowauza, koma anatopa ndi kutchedwa wabodza pamaso pa ana ake, ndiye anangokhala chete.

Lonjezo anati nzeru za mng'ono wake zikanathera pachulu pomwepo pakanapanda iye kuimba, ndipo mwa atatuwo ndi iye yekha amene anataya zonse.

"Achimwene," anatero Sautso, "tsiku limene munkanyamuka munalonjeza kuwatumizira wotchi. Zaka zitatu. Ikanakhala pamkono, bwenzi tikukamba zimenezi?"



Tinenenji anati awiriwo anagwira foni, koma iye anagwira bambo ake. Ndipo anasiya mwana wa masiku atatu, nataya magazi ake pansi m'nyumba muja.

"Achemwali, munawaitana ndinu," anatero Lonjezo. "Munawasonyeza buledi, munawasonyeza foni. Zenera lokha ndiye munaiwala?"

Tinenenji anavomera. Anati atakhala kumeneko zaka zisanu ndi zinayi, dzuwa losalowa linasiya kumudabwitsa, ndipo sichinamufikire m'mutu kuti ndi chinthu chouza mlendo. Analankhula motsitsa.

A Mkwapatira anamvetsera zonse. Anagwira khasu, naliyang'ana, nayang'ana ana awo mmodzimmodzi. Mithunzi ya nthochi inatalika mpaka kudutsa kasupe. Dzuwa litalowa kuseri kwa phiri, anatulutsa kapepala m'thumba, natafuna mbatata yozizira imene anatenga, natunga madzi ndi dzanja, nameza piritsi. Khasu linali likadali pamiyendo pawo.

A Chimbalanga analekera pomwepa, nafunsa kuti ife tikuti bwanji.

A Nangondo anati dimba ndi la mwana wamkazi, chifukwa amuna awiriwo sanatuluke ngakhale dontho la magazi. Mayi wina anawatsutsa, nati mtsikanayo anawanamiza bambo ake, pamene Sautso anawauza zoona. A Nangondo anayankha kuti zoonazo n'zimene zinawagwetsa pampando. A Lufeyo anaima ndi Lonjezo. Anati amene sanasiyepo makina akuyenda, abwana kulibe, sangadziwe chimene munthuyo anachita. Mayi wina wachikulire anati wolakwa ndi namwino, koma ena anamukumbutsa kuti mawu a namwinoyo anawasunga bamboyo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo funso silinali la wolakwa. Ine anandifunsanso. Ndinangopempha kuti andilole kulemba.

Magetsi sanayake tsiku limenelo. Chakumadzulo tinasenza matumba athu osagayitsa, aliyense kulowera kwawo, mlandu usanagamulidwe.

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ngati ndalakwitsa kalembedwe ka dzina la dziko, kapena kuwerengera kwa maola, kapena ndasiya mawu ena a a Chimbalanga, chonde mukonze ndi pensulo m'mphepetemu, ndipo sindidzakhumudwa. Koma mukatha kukonza musatseke kope musanayankhe, pakuti bambo aja akadali pamwala. Mmodzi anamvetsa, koma anali atabisa zimene ankadziwa. Wina anataya ntchito, koma anali atataya kale abale ake. Wina anakhetsa magazi, koma ndiye anawasiya pazenera osawachenjeza. Inu mukanakhala a Mkwapatira, khasulo mukanaliika m'manja mwa ndani?